Satifiketi ya ukochi wa zitsulo: ionedwe kaye ngati ili ndi msika ku Champhira

Kuseli kwa magolosale m'misika ya kumwera kwa Mzimba, kuyambira pa Jenda, Champhira, Embangweni mpaka pa boma, sikusowa kamalo komwe anyamata amasonkhana madzulo kukanyamula zitsulo. Zida zake n'zodziwika: zitini ziwiri za penti zothiridwa simenti, paipi pakati, benchi ya thabwa ndi zitsulo za galimoto yakufa. Pagulu lotere pamakhala mmodzi yemwe anzake amamutcha kochi, kaamba koti ndiye adayamba kale ndipo chifuwa chake chimachitira umboni. Masiku ano kochi ameneyu ali ndi foni ya intaneti, ndipo pa Facebook akuona zotsatsa zomuuza kuti atalipira madola atha kukhala ndi satifiketi ya ukatswiri wophunzitsa anthu kulimbitsa thupi. Ambiri mwa anyamatawa ndi ogulitsa tomato, akabaza kapena a kaunjika, ndipo ndalama yomwe akuganiza zolipirira pepalalo ndi mpamba wa bizinesi yomwe ikuwadyetsa.

Satifiketi ndi katundu ngati wina aliyense. Wamalonda wozindikira sapikula matumba a anyezi asanadziwe komwe akawagulitse, ndipo pepala la maphunziro liyenera kufunsidwa mafunso omwewo: likugulidwa pa mtengo wanji, kwa yani, ndipo ndani adzalipire kochi ndalama yoonjezera chifukwa chakuti ali nalo. Kwa mnyamata wa ku Champhira yemwe angoyamba kumene, satifiketi zazikulu za kunja si katundu woyamba kupikula. Komanso kungokhala osaphunzira kalikonse n'kumatolera ndalama kwa anthu ndi kulakwa kwakukulu kuposa kuononga mpamba, chifukwa pamenepo pali misana ndi mitima ya anthu.

Pepala lomwe limatchuka kwambiri pantchitoyi ndi la CSCS, lomwe limaperekedwa ndi bungwe la ku America la National Strength and Conditioning Association, mwachidule NSCA. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1978, likulu lake lili ku Colorado Springs, ndipo mayeso a CSCS adayamba mu 1985. Ili ndi pepala lenileni, ndipo matimu akuluakulu amalilemekeza. Koma otsatsa malonda a maphunziro safulumira kunena kuti munthu saloledwa kulemba mayeso ake alibe digiri ya kuyunivesite kapena asanafike chaka chomaliza cha digiriyo. Akuyeneranso kukhala ndi satifiketi yosonyeza kuti amadziwa kutsitsimula munthu yemwe mtima waima. Mayeso ake ali m'magawo awiri, la sayansi ya thupi ndi la kagwiridwe ka ntchito, mafunso 220 m'maola anayi, pa kompyuta ndiponso m'Chingerezi. Kochi yemwe amalangiza anzake m'Chitumbuka momwe angagwirire paipi ayenera kudziwa kuti buku lokonzekera mayesowa ndi la pamlingo wa kuyunivesite, lodzaza ndi maina a minofu, mitsempha ndi kagayidwe ka chakudya m'thupi.

Bungwe lomweli lili ndi pepala lina laling'ono, la NSCA-CPT, la wophunzitsa munthu payekhapayekha. Ili silifuna digiri. Limafuna zaka 18, maphunziro a sekondale ndi satifiketi ya chithandizo choyamba ija. Ndiye kuti wa MSCE ali ndi khomo. Mtengo ndiwo umadula miyendo. Kungolembetsa mayeso a mapepala awiriwa ndi madola 300 kapena kuposerapo kwa membala wa bungwelo, ndipo kwa yemwe si membala amapitirira 400. Pamtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, madola 400 ndi K700,000, buku lisanagulidwe, data isanagulidwe, ulendo wa kumalo olembera mayeso usanawerengedwe. Ndipo wamalonda aliyense amene adayesapo kupempha madola kubanki akudziwa kuti mtengo wa pakhoma ndi wina, kuwapeza ndi nkhani ina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipidwa m'madola chidakwera usiku umodzi. Pepalalo silikhalanso mpaka kalekale: zaka zitatu zilizonse mwini wake ayenera kuonetsa kuti wapitiriza kuphunzira ndi kulipiranso. Ndi katundu wolowa ndi ndalama yakunja koma wogulitsidwa m'makwacha, ndipo amalonda a pa Jenda amaudziwa bwino msampha umenewu.

Masamu ake ndi osavuta. Mwachitsanzo, kochi akhale ndi anthu 15 olipira K5,000 aliyense pamwezi. Ndiye K75,000. Achotsepo lendi ya malo, kukonzetsa benchi kwa wowotcherera ndi zina zing'onozing'ono, mwina atsale ndi K50,000. Kuti abweze K700,000 ndi miyezi 14 osadyapo ngakhale tambala, ndipo izi zikutengera kuti anthu 15 aja akulipira mwezi uliwonse. Ku Mzimba sizikhala choncho. Ndalama imayenda anthu akagulitsa fodya, soya, nyemba, chimanga ndi mbatatesi. Ikafika Januwale ndi Febuluwale aliyense maso ali pa feteleza, fizi ndi ufa, ndipo ndalama ya jimu ndiyo yoyamba kudulidwa. Choopsa kwambiri n'chakuti satifiketiyo sionjezera kasitomala ngakhale mmodzi mwa anyamata 15 aja. Iwo adabwera chifukwa chakuti pali zitsulo ndi anzawo, ndipo palibe amene adzavomere kulipira kawiri poona pepala lopachikidwa pakhoma. Wotenga ngongole ya katapila kapena ya banki m'khonde kuti alipire mayeso otere akhala wasinthanitsa benchi ya tomato yomwe imabweza ndalama sabata iliyonse ndi chinthu chomwe sichibweza kanthu chaka chonse.

Za masatifiketi otchipa a pa intaneti, amene amalonjeza ukatswiri m'masiku awiri pa madola 20 kapena 30, sizifuna mawu ambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lomwe aliyense amakhoza akangolipira silisonyeza kuti munthu akudziwa kanthu, ndipo bwana wa jimu ya ku Mzuzu kapena Lilongwe yemwe amadziwa ntchito yake amalizindikira pongoliona. Funso limodzi ndi lokwanira: ndi bungwe liti lomwe lidavomereza sukulu imeneyi? M'dziko muno maphunziro a ntchito zamanja ali pansi pa TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo a m'makoleji ndi m'mayunivesite ali pansi pa NCHE. Sukulu ya kuno yomwe ikulephera kutchula chimodzi mwa ziwirizi, kapena bungwe la masewero lodziwika, isapatsidwe ndalama. Yomwe ikuti ndalama itumizidwe pa nambala ya foni ya munthu payekha ndiye yadziulula kale.

Izi sizikutanthauza kuti kochi wa kuseli kwa golosale azingopitiriza momwe akuchitira. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa. Munthu wotere akagona pabenchi n'kukankha chitsulo cholemera atabanika mpweya, monga momwe anyamata ambiri amachitira, BP imakwera kwambiri pakanthawi komweko. Kochi wosaphunzira amangokuwa kuti "kankha, kankha!" Wophunzira amayamba wafunsa ngati munthuyo adayezetsapo, ngati amamva chizungulire, ngati ali ndi shuga, ndipo akakayikira amamutumiza kuchipatala kaye, kaya ku Katete, ku Embangweni kapena pa boma. Kusiyana kwa anthu awiriwa ndiko kumene kasitomala wamkulu, wokhala ndi ndalama, angalipirire.

Ndipo makasitomala otere alipo, kungoti safanana ndi omwe kochi adawazolowera. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewero olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata, komanso azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Mlimi ndi wakabaza mphindi zimenezi amazikwanitsa lisanafike Lachitatu. Amene sazikwanitsa ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito m'maofesi a pa boma, ndi amayi a mumsika amene amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, madzulo msana ukuwawa ndipo mapazi atatupa. Awa safuna chifuwa cha Mr Malawi. Amafuna kuchepetsa thupi, kugona bwino ndi kuti namwino akawayeza asapukuse mutu. Ambiri mwa iwo amalandira kumapeto kwa mwezi uliwonse, kaya ndi nthawi ya zokolola kapena ya njala. Mayi wa mumsika sangalowe m'kachisakasa kodzaza anyamata ovula malaya, koma atha kubwera ndi anzake asanu pabwalo la sukulu mbandakucha msika usanatsegulidwe, ngati wowatsogolera ndi munthu waulemu wodziwa chomwe akuchita. Kalasi yotere sifuna chitsulo ngakhale chimodzi.

Choncho ndalama yoyamba ipite ku maphunziro a chithandizo choyamba. Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa zimenezi, amalipira m'makwacha, ndipo satenga nthawi yaitali. Pepala lake ndi lofunika kulikonse komwe kochi angadzafune kupita patsogolo, chifukwa ngakhale a NSCA salola munthu kulemba mayeso asanasonyeze kuti amadziwa kutsitsimula munthu. Ndalama yachiwiri, yomwe ambiri angaione ngati yachabe, ndi ya kamakina koyezera BP ndi kope lolembamo maina, kulemera ndi zomwe munthu aliyense wanyamula tsiku lililonse. Wamalonda amene salemba zomwe wagulitsa sadziwa ngati akupindula, ndipo kochi amene salemba sadziwa ngati anthu ake akupita patsogolo kapena akungotopa.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe amalonda ayenera kukamvetsa msanga kuposa wina aliyense. Zitini za simenti zija sizilemera mofanana. Chimodzi chikaposa chinzake ndi makilogalamu awiri, phewa limodzi ndi mbali imodzi ya msana ndizo zimalipira, tsiku ndi tsiku. Sikelo ya wogula soya ili pomwepo pamsika. Kuyeza chitini chilichonse ndi kulembapo kulemera kwake ndi penti sikufuna digiri, koma ndiko chiyambi cha mfundo yaikulu ya ntchito yonseyi, yoti katundu aziwonjezedwa pang'onopang'ono, modziwa kuti wawonjezedwa ndi zingati, ndipo minofu yomwe yagwira ntchito lero ipatsidwe tsiku limodzi kapena awiri opuma. Anyamata ambiri amanyamula za chifuwa ndi mikono tsiku lililonse, miyendo osaikhudza, ndiye n'kumadabwa kuti phewa likuwawa.

Msika wachiwiri ndi matimu. Mudzi uliwonse wa kumwera kwa Mzimba uli ndi timu ya mpira wamiyendo, sukulu iliyonse ili ndi ya ntchemberembaye, ndipo mabonanza sasowa makamaka chisankho chikayandikira. Bungwe la FAM limachititsa makosi a ukochi oyambira pansi kukwera mpaka malayisensi a CAF, ndipo kumpoto zinthu zimadzera ku Northern Region Football Association. Pepala limeneli ndi lomwe akuluakulu a timu ndi aphunzitsi a masewero amalidziwa dzina lake. Kunena zoona, matimu a m'midzi salipira bwino. Nthawi zambiri malipiro ake ndi botolo la zoziziritsa kukhosi ndi gawo la mphoto ikapezeka. Phindu lake ndi dzina. Kochi yemwe timu yake sitopa m'chigawo chachiwiri, ndipo osewera ake savulala kawirikawiri, amamveka msanga kuposa yemwe ali ndi chikwangwani.

Ndipo nzeru zina za pamwamba kwambiri zili zaulere. FIFA ili ndi ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa 11+, ya mphindi pafupifupi 20, yosafuna zida zodula. Kafukufuku yemwe adachitika ku Norway pakati pa atsikana osewera mpira, wofalitsidwa mu 2008, adaonetsa kuti matimu omwe ankaitsatira adachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndondomekoyi ili pa intaneti, ndipo data yoitsitsira ndi yochepa kuposa yomwe imathera pa TikTok usiku umodzi. Imaphunzitsa kudumpha ndi kutera bondo lisanapindikire m'kati, chomwe chili chofunika kwambiri kwa atsikana a ntchemberembaye osewera pabwalo louma lafumbi.

Anthu a ku Mzimba ali ndi chitsanzo chawochawo cha kufunika kwa ntchitoyi. Mwawi Kumwenda, mwana wa boma lomweli, adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pampikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Mu 2018, akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia, mtsempha wa bondo lake udaduka. Kuvulala kotere kwathetsa masewero a atsikana ambiri kuno kumudzi. Iye adachitidwa opareshoni, adakhala miyezi yambiri akulimbitsa mwendowo pansi pa akatswiri, ndipo mu 2020 Vixens itatenga ligi adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pamasewero omaliza. Akatswiri omwe amagwira ntchito yotere ndiwo eni ake a mapepala ngati CSCS, ndipo amalipidwa chifukwa kumeneko kuli matimu okhala ndi ndalama zolembera munthu wa ntchito imeneyo yokha. Ku Champhira timu yotere kulibe.

Ena adzati pepala la kunja likufunika chifukwa mnyamatayo sadzakhala ku Champhira mpaka kalekale. Mfundoyi ili ndi mutu, makamaka ku Mzimba komwe pafupifupi banja lililonse lili ndi wina ku Joni. Ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town majimu ndi ambiri ndipo makochi amadya ndi ntchitoyi. Koma majimu akuluakulu a kumeneko amayang'ana mapepala odziwika m'dziko lawo. Kuli kaundula wa makochi wotchedwa REPSSA, kuli masukulu monga HFPA ndi eta College, ndipo maphunziro a kunja amaunikidwa ndi bungwe la SAQA. Wofuna kukagwira ntchito kumeneko achita bwino kufunsa kaye mbale wake ali komweko kuti akafunse pajimu yeniyeni pepala lomwe amafuna, asanalipire kalikonse ali kuno. Ndipo palibe satifiketi ya jimu yomwe imalowa m'malo mwa chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni. Wopanda chilolezocho adzapezeka akutsuka magalimoto panja pa jimu pomwe satifiketi ili m'chikwama.

Kwa wachinyamata yemwe adakhoza bwino MSCE ndipo mtima wake ulidi pantchitoyi, njira yaitali ilipo m'dziko momwe muno. Yunivesite ya MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya sayansi ya masewero. Womaliza digiri yotere ndiye angaganize za CSCS mwanzeru, chifukwa khomo la mayeso latseguka ndipo ntchito zomwe angafunsire, m'matimu a ligi yaikulu, m'matimu a dziko kapena kunja, ndi zomwe pepalalo lingamusiyanitse ndi anzake. Makolo amalonda omwe mwana wawo akuwapempha ndalama ya "kosi ya jimu" ali ndi ufulu womufunsa kuti akunena njira iti mwa zimenezi, ndipo aone ndi maso awo dzina la sukulu ndi bungwe lomwe lidaivomereza.

Pali mayesero awiri omwe amadza kochi akangoyamba kudziwika, ndipo onse amaoneka ngati mwayi wa malonda. Loyamba ndi kugulitsa mapilitsi, majakisoni ndi maufa okulitsa thupi obwera m'zikwama kuchokera ku Joni kapena kudzera m'malire a Zambia. Phindu lake limakopa, koma mankhwala ali pansi pa bungwe la PMRA, ndipo kugulitsa opanda chilolezo ndi mlandu. Majakisoni okulitsa minofu amaononga chiwindi ndi mtima, amakweza BP ndipo amatha kusokoneza kubereka. Pamudzi pomwe aliyense amadziwa aliyense, mnyamata mmodzi akadwala nazo bizinesi yatha, ndipo nkhani ikafika kwa mfumu kapena kupolisi. Nyemba, soya, mazira, usipa, mtedza ndi mkaka zili mumsika momwemo, ndipo kochi wolangiza anthu ake kudya zimenezi amapanga ubale ndi ogulitsa anzake m'malo mopanga adani. Lachiwiri ndi kudziyesa dokotala. Munthu wopuwala mbali imodzi kaamba ka sitiroko, wothyoka fupa kapena wotupa bondo ndi wa achipatala ophunzira za mafupa ndi minofu, omwe amaphunzitsidwa ku KUHeS ndipo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Palibe satifiketi ya jimu, ngakhale ya ku America, yomwe imapereka mphamvu yochiza.

Malo akayamba kulowetsa ndalama mokhazikika, khonsolo ya M'mbelwa idzafuna chiphaso cha bizinesi ngati momwe imafunira kwa wa golosale ndi wa saluni, ndipo ndi bwino kuchiwerengera m'mitengo kuyambira pachiyambi. Kalipiridwe nako kafanane ndi thumba la anthu a kumaloko. Wolandira pamwezi alipire pamwezi, ndalama isanathe. Wakabaza ndi wa mumsika alipire patsiku, monga momwe amalipirira chiphaso cha msika, chifukwa K300 lero ndi yopepuka kuposa K5,000 pa 30. Ngongole ya jimu ndi yovuta kulonjerera kuposa ya ndiwo, popeza wokongola amangosiya kubwera.

Benchi ya tomato kapena njinga ya kabaza isagulitsidwe chifukwa cha zonsezi. Makalasi a mbandakucha ndi a madzulo sawombana ndi nthawi ya msika, ndipo miyezi 12 ya m'kope lija, kuphatikizapo Januwale ndi Febuluwale, ndiyo idzaonetse ngati Champhira ili ndi anthu okwanira kulipirira kosi yotsatira.